Nanga supu timuike pati pa mbale ya adokotala?

Aliyense amene anauzidwapo kuchipatala kuti shuga wakwera, kapena kuti thupi lichepeko, amachidziwa chithunzi chija cha mbale yogawidwa patatu. Theka la mbale ndi masamba. Theka linalo analigawanso pawiri: mbali ina nyama, nsomba kapena mazira, mbali inayo zokhutitsa monga nsima, mpunga kapena mbatata. A bungwe la American Diabetes Association amanena ndi kukula kwa mbaleyo komwe: mainchesi 9, omwe ndi masentimita pafupifupi 23. Ena anapatsidwa lamulo lothina kuposa pamenepa, loti pa chakudya chilichonse asapitirire magalamu akutiakuti a carbohydrate. Enanso amayeza ndi dzanja: nyama ilingane ndi chikhatho, nsima ilingane ndi chibakera.

Zonsezi zimayenda bwino ngati chakudya chili choti ukachiika pa mbale chimakhala pomwe wachiikapo. Koma kuzizira kukafika, kuno ku UK dzuwa n'kumalowa 4 koloko isanakwane, kapena ku Joni mphepo ya mu June ikamaluma m'makutu, thupi limafuna kanthu kotentha ka m'bakuli. Ndiye mwatunga supu wanu. Mizere ija ili kuti? Nkhuku, mbatatesi ndi kabichi zonse zikusambira limodzi, ndipo chithunzi cha adokotala chili duu pa chitseko cha furiji, sichikuyankha kanthu.

Apa anthu amagawikana pawiri. Ena amati supu ndi madzi chabe, sawerengedwa, ndipo amamwa bakuli lodzaza kenako n'kudya chakudya chawo chonse ngati palibe chomwe chalowa m'mimba. Ena amachita mantha n'kumusiyiratu, poopa kuphwanya lamulo. Oyambawo amadabwa makina oyezera shuga akamaonetsa nambala yokwera pamene iwo akuti akutsatira zonse. Achiwiriwo amadzimana chakudya chimene chikanawathandiza kupirira timagawo tating'ono popanda kugona mimba ikulira. Zimene ndikufuna tigwirizane mwezi uno ndi izi: supu amalowa bwinobwino m'malamulo a kadyedwe, koma sawerengedwa ali m'bakuli. Amawerengedwa asanalowe m'poto.

Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndiye mundilole ndifanizire ndi za kuntchito. Munthu akatitumizira fayilo ya zip, sitiiweruza ndi dzina lake. Mwina analemba kuti "zithunzi", koma m'kati muli zina. Timaitsegula kaye n'kuona chimodzichimodzi. Supu ndi chimodzimodzi: ndi mbale yomwe ija ya magawo atatu, kungoti aipanikiza pamodzi n'kuthiramo madzi. Nambala zoti musapitirire zichokere kwa dokotala wanu kapena katswiri wa kadyedwe, amene kuno amati dietitian. Zanga ndi za mmene mungatsegulire zipiyo.

Msuzi ndi supu si chinthu chimodzi

Tiyambe ndi mutu wathu, chifukwa vuto limayambira kumeneko. Kwathu tinakula ndi msuzi. Msuzi ndi wa ndiwo, ntchito yake ndi kuperekeza nsima kuti itsike bwino kukhosi. Palibe amene amapatsidwa msuzi wokha n'kunena kuti wadya. Ngakhale munthu atamwa bakuli lodzaza ndi nyama ndi mbatata, ngati sanagwire nsima m'manja, akamakagona amati lero tagona ndi njala. Ndi mmene tinaleredwera, ndipo palibe cholakwika.

Koma kuno tinapeza supu amene amaima payekha ngati nkhomaliro. Anzathu kuntchito amatsegula fulasiki nthawi ya 1 koloko, kumwa, basi adya. Ifeyo timatengako supuyo, koma mutu umakhalabe ku msuzi. Ndiye dzanja limafunafuna chosunsira: masilayisi anayi a buledi opaka majarini, kapena kamtanda ka nsima yotsala dzulo. Nthawi zambiri chimene chimaphwanya lamulo la adokotala si supuyo ayi, koma mnzake amene wabwera naye. Silayisi imodzi ya buledi yapakatikati imakhala ndi magalamu pafupifupi 15 a carbohydrate. Masilayisi anayi ndi 60. Kwa anthu ambiri a shuga, pamenepo gawo la chakudya chonse latha kale, mbatatesi ya m'supu muja isanawerengedwe n'komwe.

Choncho musanayatse moto, dzifunseni funso limodzi: supu ameneyu ndi chakudya chenichenicho, kapena ndi kalambulabwalo wa chakudya chimene chikubwera? Yankho lake ndi limene likuuzeni zoponya m'poto.

Mitundu itatu ya supu

Woyamba ndi supu wa masamba okhaokha: kabichi, anyezi, tomato, sipinachi, bowa, tsabola wobiriwira, ndi mafuta ongodontheza. Ameneyu pa mbale ija amakhala ku theka la masamba. Mungathe kumwa kabakuli musanayambe chakudya chanu cha masiku onse, ndipo nsima ndi ndiwo zanu zikhala mmene anakulemberani. A NHS amawerenga magalamu 80 a masamba kapena zipatso ngati gawo limodzi mwa asanu amene amalimbikitsa pa tsiku, ndipo masamba ophikidwa m'supu amawerengedwa nawo.

Supu wotereyu ndi bwenzi la munthu amene timagawo tamuchepera. Pulofesa Barbara Rolls wa ku Pennsylvania State University ku America wakhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri. M'kafukufuku wina amene anatuluka mu 1999, amayi anapatsidwa chakudya cha nkhuku ndi mpunga m'njira zitatu: chokha, chomwecho ndi tambula ya madzi pambali, komanso chomwecho madzi aja atathiridwamo n'kusanduka supu. Makalori anali ofanana. Atamwa supu uja anadya zochepa pa nkhomaliro yotsatira kuposa njira ziwiri zinazo. Madzi a m'tambula sanathandize ngati madzi ophikidwa pamodzi ndi chakudya. Mu 2007 gulu lake linapezanso kuti anthu akayamba ndi supu wa makalori ochepa, makalori a chakudya chonsecho, kuphatikizapo supuyo, ankatsika ndi 20 pa 100 alionse. Ndiye amene munamusiyiratu supu chifukwa cha mantha, mwataya chida chabwino.

Wachiwiri ndi supu amene ali chakudya chathunthu: muli nyama kapena nsomba, muli mbatatesi, mpunga kapena nyemba, muli masamba. Ameneyu ndi mbale yonse. Mukamwa bakuli lanu mwadya, ndipo buledi kapena nsima zingabwere pokhapokha ngati masamu asiya malo.

Wachitatu ndi amene amapusitsa anthu ambiri: supu wosalala, wogaya pamakina, wooneka ngati wa masamba koma ali wa zokhutitsa. Wa mbatatesi ndi leek, wa mbatata, wa chimanga chotsekemera, wa nyemba zija za lentil. Wa dzungu la butternut amakhala pakatikati, koma ambiri amamulimbitsa ndi mbatatesi kapena ufa, n'kuthiramo kirimu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbatatesi si ndiwo zamasamba pa kuwerenga kumeneku: a NHS saiika pa magawo asanu aja, ngati mmene saikirapo chinangwa, chilazi ndi nthochi zophika zija za plantain. Nyemba amaziwerenga kamodzi kokha pa tsiku ngakhale mudye zochuluka bwanji, ndipo kwa wodwala shuga nyemba zimaima pawiri, chifukwa zili ndi zomanga thupi komanso carbohydrate. Amene munaphunzira magulu 6 a zakudya kwathu mukukumbukira kuti zokhutitsa zili pazokha, zanyemba pazokha, zamasamba pazokha. Kugaya pamakina sikusamutsa chakudya kuchoka m'gulu lake. Chimene kumasintha n'chakuti mano ndi mimba sizigwiranso ntchito yambiri, ndipo chakudya chophwanyika kwambiri chimakonda kukweza shuga msanga kuposa cha zidutswa zotafuna.

Tiwerenge poto mmodzi limodzi

Tinene kuti tikuphika supu wa nkhuku wa magawo anayi. Sikelo ya kukhitchini ikhale pafupi, ndi kapepala kapena foni yolembapo. Tiika nyama ya nkhuku yopanda chikopa ndi mafupa magalamu 400, mbatatesi yosenda magalamu 400, kabichi 300, karoti 200, anyezi 150, chitini chimodzi cha tomato cha magalamu 400, sipuni yaikulu imodzi ya mafuta, ndi madzi okwanira.

Tsopano gawani chilichonse ndi 4. Munthu mmodzi apeza nkhuku magalamu 100, yomwe ikapsa ilingana ndi chikhatho chaching'ono. Apeza mbatatesi magalamu 100, ndipo mbatatesi yochuluka choncho ili ndi magalamu 17 kapena 18 a carbohydrate. Masamba onse pamodzi ndi magalamu 1,050, ndiye aliyense apeza oposa 260, omwe ndi magawo atatu mwa asanu aja. Masambawo nawo ali ndi carbohydrate wawo pang'ono, makamaka karoti ndi anyezi, wokwana magalamu 12 kapena 13 pa munthu. Zonse pamodzi, bakuli limodzi lili pa magalamu pafupifupi 30. Mafuta: sipuni yaikulu ili ndi makalori pafupifupi 120, ndiye aliyense 30 okha.

Ngati anakuuzani, mwachitsanzo, kuti musapitirire magalamu 45 pa chakudya chimodzi, ndiye mwatsala ndi 15. Imeneyo ndi silayisi imodzi ya buledi. Imodzi, osati inayi. Ngati mtima uli pa nsima, chotsani mbatatesi yonse m'poto muja, supu atsale wa nkhuku ndi masamba. Pamenepo wasanduka ndiwo za msuzi wambiri, ndipo gawo la zokhutitsa lili mbee kudikira nsima yanu. Nsimanso njira yosavuta yoiwerengera ndi pa ufa, isanaphikidwe, chifukwa nsima yolimba ndi yofewa zimasiyana madzi. Ufa wa chimanga magalamu 100 uli ndi carbohydrate pafupifupi magalamu 75. Ndiye magalamu 30 amene mwatsala nawo mutachotsa mbatatesi ndi ufa wokwana magalamu 40. Mukauona pa sikelo mudzaseka, chifukwa ndi kamtanda ka mwana. Koma mukadya kamtanda kameneko ndi bakuli lodzaza nkhuku ndi kabichi, mimba imavomera.

Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: chokhutitsa chikhale m'poto kapena pambali, osati konsekonse.

Masamu amenewa mumachita kamodzi kokha. Mabanja ambiri amaphika mitundu itatu kapena inayi ya supu chaka chonse. Lembani iliyonse, muisunge mu foni kapena muimate m'kati mwa chitseko cha kabati. Ma app ngati MyFitnessPal ali ndi malo olembapo zonse zimene mwaika m'poto ndi chiwerengero cha anthu, iwo n'kukuwerengerani. Koma musamangosaka mawu oti supu wa nkhuku n'kudina choyamba chimene chabwera. Zambiri za m'menemo zinalembedwa ndi anthu wamba, aliyense ndi poto wake. Kuntchito timadziwa kuti kompyuta siikonza nambala yolakwika imene waipatsa; imangokubwezera yolakwikayo mwaulemu.

Vuto lili pa kutunga

Masamu akhoza kukhala olondola, koma chipande n'kuwasokoneza. Mu supu wa zidutswa, zolemera zimamira. Woyamba kutunga amapeza madzi ndi kabichi, womaliza amapeza mbatatesi zonse pansi. Komanso m'nyumba zathu wogawa chakudya ali ndi chikondi m'dzanja: akafika pa bakuli la bambo, sipuni imazama mpaka pansi kukasaka nthuli. Ngati bamboyo ndi amene ali pa lamulo la chipatala, ulemu umenewo ukumupatsa magawo awiri m'malo mwa limodzi.

Njira yoyamba ndi kugawa poto yense nthawi imodzi. Ikani mabakuli kapena makontena anayi patebulo. Yambani ndi sipuni ya mabowo, mugawe zolimba zonse mofanana, kenako mutsire madziwo pamwamba. Zimene sizidyedwa lero zitsekedwe pompo. Poto wokhala pa chitofu ndi chivundikiro chotsegula amaitana munthu kawiri, ndipo kutunga kwachiwiri sikulembedwa paliponse.

Njira yachiwiri ndi ya supu wogaya, amene ali wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Yezani poto wanu ali wopanda kanthu, mulembe nambalayo penapake mpaka kalekale. Supu akapsa yezaninso, muchotsere kulemera kwa poto, mugawe ndi chiwerengero cha magawo. Ngati supu yekha akulemera magalamu 2,000, gawo lanu ndi 500. Ikani bakuli pa sikelo, muibwezere pa ziro, mutsire mpaka 500. Mukachita zimenezi kangapo ndi bakuli lomwelo, diso limadziwa pamene pali mzere.

Njira yachitatu ndi imene ine ndimaikonda pa banja lalikulu: phikani supu wopanda chokhutitsa chilichonse, ndipo mpunga, mbatatesi kapena nsima ziphikidwe padera. Aliyense aike zake m'bakuli mwake. Ana amene akukula aike zambiri, wodwala ayeze zake, poto ndi mmodzi. Palibe amene akudya chakudya cha odwala pakona yekha, ndipo ophika sakuphika kawiri atabwera ku shifiti ya maola 12.

Madzi amene muonjezera sasintha nambala za gawo lanu ngati mwagawa poto yense mofanana. Mukafuna bakuli lalikulu, onjezani madzi ndi kabichi, osati mbatatesi.

Wa m'chitini ndi wa m'paketi

Si tsiku lililonse munthu angaphike. Amene timagwira ntchito usiku timadziwa kuti 3 koloko m'bandakucha chitini ndi microwave ndi zimene zilipo. Palibe tchimo, koma werengani bwino chizindikiro. Pa zitini zambiri za magalamu 400 kuno ku UK nambala zazikulu zimakhala za theka la chitini. Ndani amamwa theka? Ku America chitini chaching'ono cha Campbell's chija chothira madzi amachilemba kuti ndi magawo pafupifupi awiri ndi theka. Ngati mumwa chonse, chulukitsani nambala zonse: carbohydrate, mafuta, mchere.

Mcherewo ndiye nkhani yaikulu, chifukwa ambiri a shuga alinso ndi BP, ndipo kuthamanga kwa magazi kumatigwira kwambiri ife anthu akuda. A NHS amati wamkulu asapitirire magalamu 6 a mchere pa tsiku, omwe ndi sipuni yaing'ono imodzi yosasefukira. A World Health Organization amati usafike magalamu 5. Pa zizindikiro za mitundu za ku UK, chakudya chimakhala chobiriwira ngati mchere suposa magalamu 0.3 pa 100 alionse, ndipo chimafiira ukaposa 1.5. Supu amaoneka wofatsa pa muyezo umenewu chifukwa ndi wamadzi. Koma tinene kuti alemba 0.6 pa magalamu 100. Chitini cha 400 ndi magalamu 2.4 a mchere, kupitirira limodzi mwa magawo atatu a tsiku lonse, buledi asanabwere ndi mchere wake. Abale a ku America mumaona sodium m'malo mwa mchere: chulukitsani ndi 2.5. Mamiligalamu 2,300 a sodium amene amanenedwa kumeneko ali pafupi ndi magalamu 6 omwe aja.

Supu wa ufa, wa m'mapaketi a Royco, Knorr kapena Imana, amene ambiri timathira mu nyama kuti msuzi ugwirane, naye awerengedwe. Chimene chimagwiranitsa msuziwo ndi ufa kapena sitachi, ndipo chimene chimaukometsa kwambiri ndi mchere. Timabulu ta stock tambiri mukawerenga zosakaniza mupeza mchere uli koyambirira kwa mndandanda, kutanthauza kuti ndi umene wachuluka. Boma la South Africa linaona kukula kwa vutoli n'kuika lamulo lochepetsa mchere m'zakudya za m'mafakitale, kuphatikizapo buledi, supu wa ufa ndi timabulu timeneti; linayamba kugwira ntchito mu 2016 ndipo analithinitsanso mu 2019. Komabe lamulo limachepetsa za m'paketi, silingagwire dzanja la munthu amene akuthira mapaketi awiri n'kuwazanso mchere pamwamba. Ngati mwaika kabulu, musathirenso mchere. Kukoma kusakeni kwa adyo, jinja, tsabola wa kambuzi ndi kamadzi ka ndimu komalizira. Msuzi mungathe kuugwiranitsa ndi anyezi ndi tomato wophika mpaka kusungunuka, kapena therere pang'ono.

Mafuta obisala

Amene lamulo lanu ndi la makalori, yang'anani mafuta. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya carbohydrate kapena ya zomanga thupi ili ndi 4. Kwathu timayamba ndi kukazinga anyezi ndi tomato, ndipo mafuta timathira kuchokera m'botolo, diso ndilo sikelo. Kupendeka kamodzi kwa botolo kumatha kukhala masipuni atatu kapena anayi. Gwiritsani ntchito sipuni.

Nsinjiro ndi chakudya chabwino, ndipo supu wotendera wa nkhwani kapena sipinachi amakukumbutsa kumudzi. Koma mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo magalamu 100 ali ndi makalori oyandikira 600. Peanut butter amene timatendera naye kuno ndi chimodzimodzi, ndipo wina amathiramo shuga. Muyezeni ndi sipuni, mulembe. Kirimu ndi mkaka wa kokonati nazonso zilembedwe.

Nanga mang'ina? Amene timasaka mapazi a ng'ombe m'mabutchala a Asiya kapena a anzathu a ku West Africa Loweruka sitingalole kuti atichotsere zimenezo. Aphikeni lero kuti mudye mawa. Akazizira m'furiji usiku wonse, mafuta amakwera pamwamba n'kuuma, oyera ngati kandulo. Achotseni ndi sipuni n'kutaya m'bini, osati m'sinki. Chonjenjemera cha pansicho si mafuta, ndi zimene zasungunuka kuchokera m'khungu ndi m'mitsempha. Mukatenthetsa muponyemo kabichi, ndipo nyamayo muiwerenge ngati gawo lanu la nyama la chakudya chimenecho.

Amene ayenera kusamala mwapadera

Kuwerenga kolakwika kumapweteka mbali zonse ziwiri. Ngati mumabaya insulin kapena mumamwa mapiritsi ngati gliclazide, ndipo mwamwa supu wa masamba okhaokha m'malo mwa chakudya, shuga akhoza kutsika kwambiri. Akatsika pansi pa 4 pa makina a kuno ku UK ndi ku South Africa, kapena pansi pa 70 pa a ku America, munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu, ndipo akhoza kukomoka. Kwa oyendetsa galimoto ndi ogwira ntchito yosamalira okalamba usiku, imeneyi si nkhani yaing'ono. Supu wopepuka si nkhomaliro ya munthu wa pa mankhwala amenewa pokhapokha atakambirana ndi amene amamupatsa mankhwalawo.

Amene impso zinafooka, makamaka a pa dialysis, komanso ena a vuto la mtima, amapatsidwa muyezo wa madzi a tsiku lonse. Supu amalowa mu muyezo umenewo ngati tiyi ndi madzi akumwa. Mbatatesi ndi tomato zilinso ndi potassium wambiri, amene impso zofooka zimalephera kuchotsa. Mchere wa m'malo ngati LoSalt uli ndi potassium yemweyo, choncho a impso ndi amene amamwa mankhwala ena a BP afunse kaye asanagule.

Mwina mwamvapo za supu wa a NHS wothetsa shuga. Ndi zoona kuti ku England kuli ndondomeko yotchedwa Type 2 Diabetes Path to Remission, imene munthu amasiya chakudya chonse kwa milungu 12 n'kumamwa supu ndi zakumwa zina zokonzedwa mwapadera, makalori 800 mpaka 900 pa tsiku. Inachokera pa kafukufuku wa DiRECT, amene anatsogolera mapulofesa Roy Taylor wa ku Newcastle ndi Mike Lean wa ku Glasgow. Zotsatira zake za mu 2017 zinaonetsa kuti patatha chaka, anthu 46 pa 100 alionse amene anatsata njirayi shuga wawo anabwerera m'malo popanda mankhwala a shuga. Ndondomekoyi ndi ya anthu a zaka 18 mpaka 65 amene anapezeka ndi shuga wa mtundu wachiwiri m'zaka 6 zapitazi, ndipo kwa anthu akuda muyezo wa BMI wolowera ndi 25 osati 27. Amene mukuona kuti mukukwanira, funsani kwa GP. Koma supu wake si wa m'poto mwanu: ndi wa m'mapaketi oyezedwa kale, okhala ndi zomanga thupi ndi mavitamini onse, ndipo achipatala amasintha mankhwala anu musanayambe. Uthenga uja umazungulira pa WhatsApp woti imwani supu wa kabichi yekha sabata yonse si m'bale wake ngakhale pang'ono.

Patebulo la banja ndi la alendo

Chovuta kwambiri si masamu, ndi anthu. Mukapita kukacheza Lamlungu mutaweruka ku tchalitchi, mayi a pakhomopo amati, "Aaa achimwene, kamsuzi kokha, onjezerani, si chakudya ichi." Amanena ndi mtima wabwino, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Poto wa eni simungamuike pa sikelo. Apa gwiritsani ntchito maso: tungani nokha ngati n'kotheka, muone zidutswa za mbatatesi zimene zalowa, musankhe chimodzi pakati pa izo ndi nsima. Ndipo nenani zoona mwachidule: "Mayi, zakoma kwambiri, koma achipatala anandiyezera." Ambiri amamva, ndipo nthawi zambiri mupeza kuti patebulo pomwepo pali wina amene naye ali ndi kapepala kake koma amachita manyazi.

Inu amene mumaphikira wodwala, kaya ndi amuna anu, akazi anu kapena amayi amene abwera kudzaona zidzukulu, musamusandutse mkaidi. Bakuli laling'ono la supu wa masamba chakudya chisanafike muike kwa aliyense, osati kwa iye yekha. Ana aphunzira kudya masamba osadziwa, ndipo mwini matenda saona kuti tebulo lonse likuyang'ana mbale yake.

Za kasungidwe: supu wotsala azizire msanga, alowe m'furiji pasanathe maola awiri. Malangizo a kuno ku UK ndi oti zotsala zidyedwe pasanathe masiku awiri, ndiye magawo a kumapeto kwa sabata apite mu freezer tsiku lomwelo. Potenthetsa afike potulutsa nthunzi paliponse, ndipo atenthetsedwe kamodzi kokha. Pa chivundikiro chilichonse matanipo kapepala, mulembe zinthu zitatu: dzina la supu, tsiku, ndi nambala ya carbohydrate kapena makalori a gawolo. Lachinayi usiku mukabwera mutatopa, mutu sufuna masamu. Udzangowerenga "nkhuku, 30", n'kudziwa kuti buledi ndi silayisi imodzi.

Sabata ino sankhani supu mmodzi yekha, amene mumaphika kawirikawiri, mumuyeze asanalowe m'poto. Mukapita kukaonana ndi dietitian kapena namwino wa shuga, tengani kapepalako mukamuonetse. Adzakuuzani msanga pamene pafunika kusintha, chifukwa mwamupatsa magalamu m'malo mwa mawu oti "ndimangomwa kasupu."